Sikuluu Yozizira ya Mahamudu

Pali anyamata ena amene akangoponda ku Joni, pakamwa pamakula kuposa manja. Mahamudu wa ku Mangochi anali mmodzi wa iwo. M'chaka cha 1996 ankagwira ntchito pa fakitale ina yaing'ono ku Rustenburg, yopanga mapaipi apulasitiki opita kumigodi. Ntchito yake inali kusenza matumba a njere za pulasitiki n'kukhuthulira m'kamwa mwa makina, basi. Koma ku Wonderkop, kwa Che Mohamadi, malume ake a Sauda, mtsikana amene iye ankamufunsira, ankadzitcha woyendetsa makina.

Che Mohamadi anali mtchona amene mgodi unawatha chifuwa, ndipo za m'kamwa sankazikhulupirira.

"Mwana wa mlongo wanga sindingamupereke kwa munthu amene sindinamuone pantchito," anatero. "Lolemba ndibwera."

Makinawo analipo awiri. Aang'ono anali ndi sikuluu imodzi yaitali yozungulira mkati mwa mgolo wachitsulo: kumbuyo mizere yake ndi yakuya, yolandira njere za pulasitiki, kutsogolo ndi yosaya, yofinya phala lotentha kuti lituluke ngati paipi. Aakulu anali ndi masikuluu awiri olumana ngati zala zopingasa, osakaniza ufa wa mapaipi oyera. Woyendetsa weniweni, Beston wa ku Chipata, Lolemba lililonse ankayatsa zotenthetsa mgolo n'kupita kukamwa tiyi, kudikira kuti pulasitiki yotsalira Loweruka, youma gwa ngati mwala, ifewe. Mahamudu, amene maso anali nawo koma osaona, ankati umenewo ndi ulesi wa munthu wamkulu.

Lolembalo Che Mohamadi analawirira kufakitale, atavala jekete ndi chisoti choyera. Beston anali atangoyatsa zotenthetsa n'kuzungulira kuseri ndi kapu yake.

"Ako ndi awa?" anafunsa mkuluyo, akuloza makina aang'ono.

"Ayi malume, awo ndi a ana. Anga ndi awa a masikuluu awiri."

"Nanga ali zii bwanji? Amasala kudya?"

Munthu wanzeru akanati tidikire. Koma wodzitama amaopa kudikira kuposa kugwa, pakuti akadikira amafunsidwa mafunso. Mahamudu anakwinya nkhope monga ankachitira Beston, nadina batani lobiriwira. Injini inabuula, malamba analira, makina onse ananjenjemera, kenako kunamveka kuti thyo. Sikuluu imodzi inathyokera pakhosi, itakanika kuzungulira m'pulasitiki yozizira.

Beston anatulukira, kapu ili m'manja. Anazimitsa magetsi, nagwira mgolo ndi chikhatho. Unali wofunda chabe.

"Achimwene, mwatiphikira chiyani m'mawa uno?"

"Ndimangoyesa," anang'ung'udza Mahamudu.

"Mwayesadi. Chitsulo chimenechi chimachokera kutsidya kwa nyanja pasitima. Mukachitenga wapansi?"

Che Mohamadi anatsokomola nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa Beston mwaulemu.

"Pepani bambo, mnyamatayu amagwira ntchito yanji pano?"

"Mpaka lero m'mawa amasenza matumba, ndipo amasenza bwino. Za kuyambira tsopano mufunse abwana akafika."

Mahamudu anawatsatira akuluwo mpaka pageti, akuti malume, malume, ngati mwana wa mbuzi wosochera. Iwo anaima n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato zake zonyezimira.

"Ine si malume ako. Ku Wonderkop usadzapondenso."

Anakweza dzanja, minibasi inaima, ndipo anakwera osacheuka.