Mawu a Kumapeto kwa Maina

Chikomeni anatha masiku anayi akuika mawu a Chichewa mu filimu ya karate, ali m'kachipinda kake kuseri kwa msika wa pa Boma. Ndiyo inali ntchito yake. Mwamuna, mkazi, nkhalamba, chinjoka, onse ankayankhula ndi pakhosi pake, ndipo pofika Lachinayi mawu anali atasasa.

Filimuyo inali imodzi mwa zija za ngwazi zopulumutsa dziko, zimene sizitha. Iyi inali ya mnyamata wothawa bambo ake, amene pomenya nkhondo ankazunguza mphepo ndi manja. Koma Chikomeni ankadziwa chinsinsi cha mafilimu amenewa: maina a opanga filimu akatha kuyenda, pamabwera kachigawo kena kakafupi. Mu iyi, munthu wobisa nkhope ankagogoda pachitseko. Pamenepo Chikomeni sanamasulire chilichonse. Anaikapo mawu ake: "Marjory, usapite ku Joni. Khala, ndikukufuna."

Marjory anali woti anyamuka Loweruka, kukagwira ntchito kwa azakhali ake. Zaka ziwiri Chikomeni ankamuperekeza kuchokera kukwaya, osanena kanthu.

Lachisanu masana analowa naye m'nyumba yoonetsera mafilimu ya a Kizito. Malata ankaotcha. Marjory anakhala pabenchi motopa n'kuvula nsapato.

"Ndavuka chomene, iwe. Kuyambira m'mawa kutsanzikana ndi abale. Filimuyi ndi yaitali?"

"Pang'ono. Koma udikire mpaka kumapeto."

"Ngati nkhalamba ikuyankhula ngati bakha, ndituluka."

Marjory anaseka kawiri, chinjoka chitathokoza kuti "yewo". Kenako mutu wake unayamba kulemera, n'kutsamira khoma. Nkhondo yaikulu inadutsa iye ali chitsinzinire.

Maina atayamba kukwera, anthu anadzuka, kukankhana pakhomo. A Kizito anatambasula dzanja kuti azimitse.

"Dikirani, akulu, siinathe," anatero Chikomeni.

"Mbwenu tiziwerenga maina a anthu osawadziwa? Ndi abale ako?"

"Mphindi zitatu zokha."

A Kizito anakhala pansi akudzikupiza ndi chipewa. Maina anayenda, nayenda. Chikomeni anayang'ana Marjory. Ankafuna kumugwedeza phewa, koma dzanja linangofika m'njira n'kubwerera pabondo.

Wobisa nkhope uja anagogoda. Mawu osasa anadzaza chipinda chopanda anthu, ndipo anamveka okalamba, ngati a munthu wodwala chifuwa.

A Kizito anayang'ana kanema, kenako Chikomeni. Sanaseke.

"Ndibwereze?" anafunsa motsitsa.

"Ayi, asiyeni agone."

"Sindikugona," anatero Marjory, maso ali chitsekere. "Ndamva."

A Kizito anatuluka, akuti akaone jenereta, ngakhale magetsi analipo.

Marjory anawerama n'kuyamba kufunafuna nsapato pansi pa benchi. Anaipeza imodzi, n'kuigwira m'manja osaivala.

"Chikwama changa chinapita kale dzulo, Chiko. Azakhali andipezera malo, ndinalonjeza." Anapukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje. "Zaka ziwiri zonsezi, iwe n'kukaika kumapeto kwa maina, kumene aliyense watuluka."

"Ndinkaopa kuti ena amva."

"Akanamva, bwenzi atandiuza."

Panja munthu wa kabaza ankaimba belu, kuitana okwera. Marjory anavala nsapato ija, n'kupeza inzake.

"Basi inyamuka sikisi koloko. Ubwere undinyamulire kachikwama kam'manja."

Chikomeni anavomera ndi mutu.