Masiku a a Goodson

"Chibwerereni kuno zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, ine sindinapumepo ndi tsiku limodzi lomwe," anatero a Goodson Makwinja pamzere wa sikelo, mokweza kuti akumbuyo amve. Mayi Sabina, amene ankayeza utomoni wa mphira pa esitetiyo, anayang'ana dzanja lawo lomwe linagwira ndowa. Linkanjenjemera.

A Goodson anachokera ku Mulanje, ndipo chimene ankafuna aliyense ankachidziwa: ukapitawo. Kapitawo wakale anali pafupi kupuma ntchito.

Mtengo wa mphira ukausema lero, mawa umausiya upume. Lamulo limeneli a Goodson ankalisunga pa mitengo, koma pa anthu ankati ndi ulesi. Pa tsiku lawo lopuma ankasema mzere wa mitengo wa mnzawo, makamaka wa a Stanley Mhone a ku Sanga, munthu wosaphonya maliro, mpira ngakhale bawo ya pansi pa mtengo wa mango. A Stanley ankalonjeza kuti adzabweza masikuwo, a Goodson n'kumakana. Akapuma, bwana awaonera kuti? Masiku amene anasemera a Stanley anakwana khumi ndi asanu ndi anayi. Akazi awo anasiya kuwafunsa za tchalitchi. Nyanja, yomwe ili pafupi pomwepo, ankangoimva kwa ogulitsa usipa.

Kusema kumafuna dzanja lofatsa. Umachotsa kakhungwa kopyapyala, mpeni osafika pa thupi la mtengo. Dzanja la a Goodson linayamba kulowa mkati. Utomoni unkatuluka wambiri, iwo n'kumanyada pa sikelo. Patapita miyezi, mitengo ya mzere wawo inatupa zipsera, ina n'kuuma mbali imodzi. Bwana anayendera mzerewo, kenako anayendera wa a Stanley, womwe mabala ake anali ochepa, ndipo ochepawo anali a masiku amene anasema a Goodson. Bwana sanafunse kuti anasema ndani.

Ukapitawo unapita kwa a Stanley.

Lolemba lake, osema onse ataima pa sikelo, kapitawo watsopano anakonza kolala ya malaya n'kuitana a Goodson. Anati iye si munthu woti ayambe udindo ali ndi ngongole, ndipo aliyense akhale mboni.

"Achimwene, masiku anu aja ndabweza lero. Khumi ndi asanu ndi anayi, kuyambira mawa. Mukapume."

"Nanga mzere wanga?"

"Asema a Noel. Mitengonso ione dzanja lina."

"Ndikabwera?"

A Stanley anati zimenezo adzakambirana ndi bwana nthawi yake ikakwana, ndipo anawonjezera kuti ku bawo anthu amayamba cha m'ma thu koloko, malo alipo. A Goodson anayankha kuti bawo anaiwala kalekale. Wina kumbuyo anati si kanthu, masiku achuluka.

A Noel, munthu amene anangolembedwa kumene ntchito, anatambasula manja onse awiri mwaulemu. A Goodson anayang'ana mpeni wawo, womwe chigwiriro chake chinali chitadyeka potsata zala zawo. Anaupukuta pa buluku n'kuupereka.

"Mwaona nonse?" anafunsa a Stanley.

Anthu anavomera kuti aona. Mayi Sabina anakhuthula ndowa ya a Goodson n'kuitana wotsatira.