Utsi wa amalume Kalilu

Kalata ya ku Zomba inafika Lachitatu masana, Rukiya akutuluka m'kalasi. Ankaphunzitsa sayansi pa sekondale ina ku Nkhotakota, ndipo chaka chimenecho cha 1995 ankamaliza digiri yake. Ku koleji ya ku Zombako anamubwereka telesikopu ndi kachipangizo koyezera kuwala, kuti apeze mtunda wa Nsangwe, nyenyezi zounjikana zija.

Kuwala kwa nyenyezi kukamadutsa m'fumbi la mlengalenga kumafiira ndi kuzilala, motero nyenyezi imaoneka ngati ili kutali kuposa pamene ili. Munthu akayeza ndi galasi labuluu, kenako lachikasu, amadziwa kuchuluka kwa fumbilo n'kupeza mtunda weniweni. Rukiya anayeza miyezi iwiri kuseri kwa nyumba, udzudzu ukumudya miyendo.

M'kalata ija aphunzitsi ake analemba mwachidule: "Lolemba nyenyezi zanu n'zofiira kwambiri, Lachisanu ayi. Fumbi la kumwamba silisintha pa sabata. Yang'anani pafupi."

Anafika kunyumba mutu ukuwira. Kuseri anapeza amalume ake a Kalilu akuyala kampango pa waya, nkhuni zaziwisi zikufuka. Utsi unkakwera cha kum'mawa, kumene iye ankalozetsa telesikopu.

"Amalume, kodi Lachisanu mumawamba nsomba?"

"Tsiku la Juma, lopita ku mzikiti? Ayi ndithu."

Rukiya anakhala pa mtondo n'kugwira tsaya.

"Miyezi iwiri yonseyi ndakhala ndikuyeza utsi wanu!"

"Ndiye wapeza kuti ndi wochuluka bwanji?"

"Musaseke, amalume. Bwanji muziwambira kugombe?"

"Kuti agalu andithere nsomba? Iwe, ano ndi matipate. Aliyense ali ndi ufulu. Iwe wa nyenyezi, ine wa kampango."

"Ufulu wanuwo ukulowa m'galasi langa."

Anakangana mpaka mayi ake a Rukiya, a Tatu, anatuluka ndi lichero m'manja n'kuweruza: achimwene awo azizimitsa moto dzuwa likamalowa, masiku atatu pa sabata. A Kalilu anavomera monyinyirika, akuti nsomba zikaola azidya yekha mwini nyenyeziyo.

Tsiku loyamba la panganolo mvula inagwa. Mitambo inatseka kumwamba Disembala yense, Januwale, mpaka Malichi. Pamene kunkayera, Nsangwe zinali zitayamba kulowa limodzi ndi dzuwa. Rukiya analembera ku Zomba kalata yamasamba anayi, imene ataiwerenganso anaing'amba, n'kulemba ina ya mizere itatu. Aphunzitsi ake anamupatsa gulu lina la nyenyezi, la kummwera, ndipo anayambiranso mu Meyi, atafunda bulangete chifukwa cha mwera.

Digiri anailandira patapita chaka, anzake onse atamusiya. A Kalilu anakwera naye basi kupita ku Zomba atavala mkanjo watsopano, ndipo ankauza aliyense amene anakhala nawo pafupi kuti pa ntchito ya mwanayu iwo anathandizapo kwambiri. Rukiya anangoyang'ana pawindo mpaka ku Salima.