Nsomba Sizibweza Wotchi

Zaka khumi ndi zisanu ndakhala ndikudyetsa tinsomba tamizeremizere m'labu muno mumzinda wa Fes, koma sindinaonepo munthu wokonda mazira ngati Ghizlane, mtsikana wa digiri yachiwiri. Iye akuti dzira limayamba moyo likumvera malangizo amene mayi analisiyira. Kenako m'dziramo mumatuluka tizinthu tating'onoting'ono totchedwa tiRNA, tofafaniza mawu a mayiwo, kuti maselo apeze njira yawo, ena akhale ubongo, ena mtima.

"Ndiye ndi mwana wamwano ameneyo," ndinatero.

"Ee, Ba Mbarek, koma popanda mwanowo sangakule."

Ntchito yake inali kubaya mazira ndi mankhwala otseka pakamwa tiRNA timeneti, aone chomwe chichitike. Kubayako kumafunika dzira likadali selo limodzi; likangogawikana, basi, mwachedwa. Mankhwala anali atatsala kadontho, ndipo aphunzitsi ake anali atanenetsa kuti Lachisanu akapanda kuona zithunzi, mayeso ake adikire chaka chamawa.

Lolemba, Ramadani itangoyamba, tinalowa 8 koloko ndendende, nthawi imene magetsi a nsomba amayaka. Tinapeza ayaka kale, mazira ali mbwee pansi pa mathanki, onse atagawikana panayi.

Ndinagwira mutu. Mwezi wosala kudyawu, tonse m'dziko muno timabweza wotchi ola limodzi. Foni yanga inadzibweza yokha, koma kawotchi ka pakhoma koyatsa magetsi ndinakaiwaliratu, nkhalamba yopusa ine! Nsomba zimaikira kukangowala, za boma sizizidziwa.

Ghizlane anakhala pa ndowa n'kuyamba kulira. Mtima unandipweteka zedi. Ndipamene ndinakumbukira kuti dzulo lake shelefu itadzaza, kathanki kamodzi ndinakaponya m'kabati ya zakudya. Mumdima umo kunali kusanache.

Ndinatsegula chitseko cha kabatiyo, kuwala n'kulowa. Nsomba yaimuna inayamba kuthamangitsa yaikazi mwaulesi.

"Fulumirani abale, si ukwati wa masiku atatu uno!" ndinakalipa.

Zinandimvera. Ghizlane anabaya mazira makumi asanu ndi limodzi, ena n'kuwasiya osabaya.

Lachinayi ndinamva kukuwa, ndinathamanga. Nditasuzumira pa maikulosikopu ndinaona zoopsa: michira yopindika, mitu yophwatalala, mitima yotupa.

"Pepa mwanangu, ndakuonongera."

"Mwaononga chiyani, bambo inu? Onani osabayidwawa, ali bwinobwino! Oipawa ndi amene ndimafuna, akusonyeza kuti mankhwala agwira ntchito. Mayeso ndi chaka chino!"

Pompo anaimbira kwawo, akudumphadumpha.

"Amayi, muphike msuzi wa harira wambiri, Ba Mbarek adzadya nafe pomasula kusala! Nsomba zanga zonse zapindika!"

Mawu a mayi ake ndinawamva ndili kuno: "Kalanga ine! Nanga ukusekeranji, wapenga ndi njala?"

Ghizlane anandipatsa foni kuti ndiwafotokozere. Ine ndinangoti, "Mayi, mwana wanu wakhoza."