Tiasilikali ta Amock Chirambo

Amock Chirambo ankaphunzitsa mbiri yakale pa sekondale ina pa Boma la Rumphi. Mphunzitsi mnzake wochokera ku Scotland, pobwerera kwawo, anamusiyira bokosi la tiasilikali ta pulasitiki, kalikonse kotalika ngati chala, pamodzi ndi timabotolo ta penti ndi timaburashi tosongoka ngati singano.

Loweruka lililonse Amock ankakhala pakhonde, magalasi ali pamphuno, n'kumapenta. Kasilikali kamodzi kankamudyera masana athunthu: jekete, mabatani, lamba, mpaka kadontho ka m'diso. Penti akauma pankatulukira Hezron Mhango, mnzake wa kuyambira ku pulayimale. Ankayala thabwa lokhala ndi mapiri a makatoni ndi utuchi, n'kumenyanitsa magulu awo poponya madayisi ndi kuyeza mtunda ndi tepi ya telala. Hezron akagonja ankamenya tebulo, uku akulumbira kuti sabata yamawa adzabwezera.

Zinthu zinavuta chaka chimene mpingo wawo unkafuna mkulu watsopano. Mayina anatuluka awiri, la Amock ndi la Hezron. Mwezi womwewo bambo wa nyumba yoyandikana ndi ya Amock anagwa pa njinga yamoto n'kuthyoka mkono. Mkazi wake anakumbukira kuti pakhonde paja anaonapo kamunthu kopanda mkono. Kanali kothyoka kale pomwe kankabwera, koma mphekesera yoti Amock amalodza anthu ndi tianthuto inazungulira msika wonse mwini wake asanaimve.

Akuluakulu a mpingo atamuitanitsa, Amock anapita ndi bokosi lake, nandandalika tiasilikalito patebulo.

"Awa ndi masewera chabe, ngati bawo," anatero. "A Mhango ali pompano, afotokoze. Tasewera limodzi zaka zinayi."

Hezron anayang'ana nsapato zake. "Ine, abusa, kwawoko ndinkapitira tiyi. Tianthuti ndinkangotiona. Ntchito yake sindiidziwa."

Gulu la apakavalo la Hezron linali pomwepo, la majekete obiriwira, mtundu umene anasankha yekha. Amock anafuna kuliloza, koma anangolisiya.

Mlandu sanamupeze nawo. Anangomulangiza kuti munthu wophunzira asamakhumudwitse ofooka, ndipo dzina lake analichotsa kuti mitima ya anthu ikhale pansi.

Lolemba pochokera kusukulu, fungo la pulasitiki wopsa linamuchingamira pageti. Kuseri kwa khitchini kunali chibuluma chakuda chikufukabe utsi, mkazi wake Nelly ataima pambali.

"Bambo a Wezi, amayi anzanga akumasuntha ndikakhala pabenchi kutchalitchi," anatero Nelly, maso ali psuu. "Dzulo wogulitsa tomato anandiikira tomatoyo pansi, kuopa kukhudza dzanja langa. Ndikanatani?"

"Mukanandifunsa."

"Mukanavomera?"

Amock anatokosa phulusa ndi kamtengo kwa nthawi yaitali, koma panalibe kotola.

Patapita miyezi itatu Hezron, tsopano ali mkulu wa mpingo, anafika pakhomo atavala suti.

"Monile, a Chirambo. Holo yatsopano ikufunika chikwangwani. Tonse tagwirizana kuti dzanja laluso ndi lanu."

"Tonse?"

"Zakale n'zakale, achimwene. Anthu mukuwadziwa mmene alili."

"Ndikuwadziwa chomene," anatero Amock, osamupatsa mpando. "Pafupi ndi pokwerera maminibasi a ku Mzuzu pali wolemba zikwangwani. Pitani kumeneko."

Hezron anaima pang'ono, nakonza tayi, n'kutembenuka.

Kutchalitchi Amock sanasiye. Ankakhala pabenchi yakumbuyo, ndipo nyimbo yomaliza ikayamba ankatuluka, anthu asanayambe kupatsana moni.