Chingwe Chinatsala ku Holo

Mbedza zikwi zitatu zinali zitaikidwa kale nyambo pamene Dagny Hovland, mwini boti, anatsegula bokosi la chingwe choopsezera mbalame n'kupeza mulibe kanthu.

Chingwe chimenecho, chokhala ndi timizere tofiira tolendewera, ankachikoka kumbuyo kwa boti poponya mbedza, kuti alibatirosi, mbalame zikuluzikulu za m'nyanja, asalumphire nyambo n'kumira nayo. Chifukwa cha icho, boti la Dagny linatha zaka zitatu osapha mbalame ngakhale imodzi, ndipo mawa lake bungwe la asodzi a padoko la Kodiak linali litakonza zomupatsa ulemu mu holo pamaso pa tauni yonse.

"Alamu, chingwe chili kuti?"

Arlo, mkulu wake wa mwamuna wa Dagny, anameza kaye khofi. "Ku holo. A bungwe anati achipachike pakhoma anthu adzachione mawa. Ndinachita kuchichapa ndi sopo."

"Mwagwira ntchito. Ndiye mbalamezi tiziuze zikachionere ku holo komweko?"

Mbalamezo zinali zitafika kale, makumi anayi kapena kuposa, zikuyandama kumbuyo kwa boti ngati alendo odikira kuti mbale zivundukulidwe. Kubwerera kudoko kunali maola asanu ndi limodzi, ndipo nyengo yowedza inkatsekedwa mawa lake masana. Koma kuponya mbedza chonchi kunali kupha, ndipo Dagny sakanakaimirira mu holo akudziwa zimenezo.

Anayang'ana mlamu wake kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Jekete la mvula, lofiira ngati moto. Buluku lake chimodzimodzi.

"Vulani."

"Mvula yonseyi?"

"Nanenso ndikuvula. Tengani mpeni."

Anadula zovala za onse awiri timizeremizere, n'kumamangirira pa chingwe chakale cha nangula. Kumapeto anamangako mpira woyandama kuti chingwe chizikungika. Arlo ankang'ung'udza kuti jeketelo anagula mwezi watha womwewu.

"Lafa imfa yabwino, alamu. Ponyani."

Boti linanyamuka, chingwe chinati njo m'mwamba, nsanza zija n'kuyamba kuvina ndi mphepo pamwamba pa mbedza zomira. Alibatirosi wamkulu anabwera chamotomoto, mapiko tambalala, koma atafika pa mwendo wa buluku la Arlo anakhota n'kukatera patali. Wachiwiri anachitanso zomwezo. Arlo anayamba kuvina ali m'zovala zamkati, akuwakuwiza.

"Musathamangire kusangalala," anatero Dagny. "Mbalame yomira imaonekera pokoka."

Madzulo anakoka mbedza zija. Dagny anaima m'mbali mwa boti, mvula ikumutsikira kumsana, maso pa mbedza iliyonse yotuluka m'madzi. Nsomba. Yopanda kanthu. Nsomba, nsomba. Chilichonse chakuda chikamayandikira kuchokera pansi, ankawerama kuti aone ngati ndi mbalame. Arlo naye anali atasiya nthabwala.

Mbedza yomaliza inatuluka ndi kansomba kosakwana n'chikhatho chomwe. Mbalame panalibe ngakhale imodzi. Dagny anakakweza m'mwamba, n'kuseka mpaka kukhala pansi m'madzi a nsomba.