Galu wa Bwana ndi Wonyamula Machila

Pochonga mayeso a boma tinkakhala aphunzitsi makumi atatu mu holo, aliyense ndi cholembera chofiira ndi pepala la mayankho ovomerezeka. Funso lachisanu linali la buku lakale lija, la bwana wachizungu amene anayenda miyezi itatu atanyamulidwa pa machila. Ana akhala akuliloweza kuyambira ine ndisanamere ndevu. Pepala lathu linkati bukuli likudzudzula atsamunda. Wonena zimenezo apatsidwe malikisi, wonena zina amanidwe.

Tsiku lachitatu ndinatsegula pepala lina lokhala ndi nambala chabe, monga onse. Mwanayo analemba kuti: "Imfa ya galu wa bwana yatenga masamba anayi. Imfa ya wonyamula machila yatenga mzere umodzi, ndipo munthuyo alibe dzina. Bukuli likumvera chisoni bwana chifukwa chotopa ndi kunyamulidwa."

Mawuwo anali anga. Ndinawalankhula m'kalasi tsiku lina nditapsa mtima, buku nditaliponya patebulo, ndipo ndinaiwala kuwauza ana kuti zoterezi salemba pamayeso. Kalembedwenso ndinakadziwa. Anali mwana wa mlonda wa pasukulu pathu, mtsikana amene amafunika kukhoza bwino phunziro limeneli kuti apite ku koleji.

Ndinapita kwa mkulu wa ochonga, osaulula kuti mwanayo ndi wa m'kalasi mwanga.

"Akulu, taonani yankho ili."

Anawerenga akutokosa m'mano. "Zili papepala lathu, aphunzitsi?"

"Palibe. Koma sananame."

"Zoonazo muzikakambirana ndi akazi anu kunyumba. Kuno timachonga. Mukaika malikisi anu, ine ndifafaniza, inu mukwere basi yobwerera kwanu."

Ndinadana naye, koma ndinabwerera pampando ngati mbuzi yokokedwa. Pa malikisi makumi awiri ndi asanu ndinalemba atatu, ndi dzanja langa, ndipo ndinachita manyazi kuti dzanjalo silinanjenjemere.

Zotsatira sizinatuluke. M'mawa uliwonse mlonda amanditsegulira geti, chipewa m'manja. Dzulo anandiperekeza mpaka pakhomo la ofesi, akumwetulira.

"Aphunzitsi, mwana wanu uja akuti tisadandaule. Akuti funso la buku analiyankha ndendende mmene munawaphunzitsira."